Tayala Lomwe Linasamutsa Mayi Aakulu

Ndinaphunzira ku koleji mpaka pamene koleji ndi ine tinagwirizana zosiyana mwamtendere. Panalibe kukalipirana. Iwo anatsala ndi mabuku awo, ine ndinatsala ndi jekete yomwe ndinagulira tsiku lolandira satifiketi, ndipo ndinabwerera kumudzi kwathu, kumtunda kwa Kandeu, komwe anthu anandiveka udindo woti aprofesa. Udindowu ulibe malipiro, komanso suvulika.

Amene anandipezera chochita ndi bambo aakulu, akulu awo a malemu bambo anga. Unyamata wawo wonse unathera m'migodi ya ku Joni. Anabwerako ndi chifuwa chosatha, chipewa chachikopa, ndi chikhulupiriro choti chinthu chilichonse chabwino chinapangidwa kumeneko. Atakalamba anagula njinga yamoto, ngakhale kuyendetsa sankadziwa. Anandipatsa makiyi nati, "Aprofesa, poti mutu wakana, tiyeseko matako." Umu ndi mmene ndinalowera kabaza.

Njinga inali yawo, choncho mawu omaliza anali awo. Tayala la kumbuyo litasalala ngati dazi, tinapita limodzi pa msika wa Kandeu kukafuna lina. Mu shopu ina munali matayala atsopano, okutidwa m'mapepala. Bambo aakulu anadutsa osacheuka. Anakaima pa mulu wa kaunjika, pomwe wogulitsa, munthu wa mawu okoma ngati mlaliki wa m'basi, anawauza kuti katundu yense pamenepo wangotsika kumene kuchokera ku Joni.

"Mwamva, aprofesa? Ili layendapo kale pa misewu yeniyeni. Atsopano aja sanaonepo kanthu."

Ndinawaonetsa timing'alu ta m'mbali, tonga ta chidendene cha m'chilimwe. Iwo anati chidendene chong'aluka ndiye cha munthu woyenda. Analowetsa chala m'mizere, napeza kuti ndi yakuya, ndipo nkhani inathera pomwepo. Tonse awiri sitinadziwe kuti mizereyo inali yosema. Alipo akatswiri amene amatenga tayala lotha, nkulilemba mizere yatsopano ndi mpeni wowotcha pamoto, nkulipaka polishi wa nsapato. Limaoneka ngati mkwati. Koma mphira yotsala pansi pa mizereyo imakhala yopyapyala ngati khungu la anyezi.

Tayala lathulo linayenda ndithu miyezi ingapo. Pa siteji yathu panalibe munthu wokhala ndi geji yoyezera mpweya. Ena amayeza ndi chala chachikulu, ena ndi nsapato, ena amagogoda ndi sipanala nkutchera khutu ngati akusankha dzungu. Ine tayala limenelo ndinkalisiya lofewerapo pang'ono, poopa ming'alu ija, ndipo tinkamvana.

Akazi awo a bambo aakulu, omwe ine ndimawatchula kuti mayi aakulu, anali a kuchigwa, kwa alimi a mpunga, kupitirira Kasinje. Anabwera kwathu pa chitengwa ine ndisanabadwe. Zaka zonse zomwe amuna awo anali pansi pa nthaka ku Joni, iwo anali pamwamba pa nthaka kuno, akulima kachewere m'mapiri ozizira omwe sanawazolowere. Ana anabereka, koma onse anagona kumanda ali aang'ono. Palibe amene anawanenapo poyera. Ankangotchedwa "a kuchigwa aja", ngati anafika dzulo. Nyumba yomwe ankakhalamo ndi munda wa kuseri kwake zinali pa malo a banja la amuna awo, ndipo aliyense ankadziwa kuti chowasunga pamenepo ndi chifuwa cha bambo aakulu. Tsiku lomwe chidzasiye kutsokomola, nkhani idzayamba.

Chinasiya mwezi wa Okutobala. Awiriwo anali atatsikira kuchigwa ku ukwati wa mwana wa mchemwali wawo wa mayi aakulu. Bambo aakulu anadya, anavinako pang'ono, kenako anakomoka. Anawathamangitsira kuchipatala cha ku Kasinje, ndipo kutacha uthenga unatipeza. Ndinatsika m'mawa womwewo nditanyamula bambo aang'ono, mng'ono wawo wa malemu, munthu amene ngakhale popempha mchere amalankhula ngati akupereka chigamulo. Njira yonse ananena chinthu chimodzi chokha, mondilankhulira m'khutu: "Munthu anachoka pakhomo akuyenda yekha."

Galimoto panalibe. Ya chipatala inali itapita kwina ndi wodwala wamoyo, zomwe ndi zomveka. Ya matola yomwe tinaipeza inakana maliro. Dzuwa linkakwera, ndipo la kuchigwa mwezi umenewo silidikira kuti abale agwirizane. Mlongo wawo wa mayi aakulu, bambo wofatsa wa mapazi ong'aluka ndi madzi a mumpunga, anayesa kunena kuti bwanji tingoika konkuno. Bambo aang'ono anawayang'ana mpaka mawuwo anabwerera m'kamwa.

Tinagwirizana zomwe anthu a kutali ndi msewu wa tala amachita koma osazikamba: kuwaveka malemu jekete ndi chipewa, kuwakhazika pa njinga kumbuyo kwanga, kuwamangirira kwa ine ndi chitenje, munthu wina nkukhala kumbuyo kwenikweni kuwagwirizira. Mayi aakulu anati munthu wakeyo ndi iwo.

"Ndinabwera nawo ndine. Ndibwerera nawo ndine."

Bambo aang'ono anapeza kabaza wina woti azititsatira. Koma tisanawakweze malemu, anawerama nadina tayala la kumbuyo ndi chala.

"Ili ndi lofewa. Tikapope."

"Lili bwino, bambo. Ndi mmene limayendera masiku onse."

"Limayenda choncho ndi amoyo. Iwe sudziwa kuti mtembo umalemera?"

Kwathu zimenezi sizitsutsidwa. Aliyense amene ananyamulapo bokosi amaikira umboni kuti munthu akafa amalemera kuposa mmene analili, ngakhale amene matenda anamudya nkutsala nthiti zokhazokha. Bambo aakulu panthawiyo ndikanatha kuwanyamula ngati mtolo wa mapesi. Tinakankhirabe njinga pansi pa mtengo wa mango pomwe bambo wina amamata machubu. Atamva kuti ndi za maliro, anavula chipewa nagwira pampu ndi manja awiri.

"Onjezani," anatero bambo aang'ono.

Anaonjezera.

"Pakhala anthu atatu apa, mmodzi ndi womwalira. Onjezani."

Anaonjezeranso, ndipo pomaliza anathirapo wina waulere ngati chipepeso chake. Tayala linalimba mpaka pogogoda linkalira ngati ng'oma yowamba pamoto. Ming'alu ya m'mbali inayasama. Ndinanena kuti mpweya ukatenthedwa umafufuma, ndipo kunja kukutentha. Bambo aang'ono anati sitinabwere ku kalasi.

Sindinayendetsepo mwaulemu ngati tsiku limenelo. Pa bampu iliyonse chipewa cha bambo aakulu chinkandigunda pakhosi ngati akuvomereza. Thupi langa lonse linkawauka ndi dzuwa, kupatula msana, womwe unkamva kuzizira kwawo. Mayi aakulu sanalire, poti kulira kukanaulula zomwe tanyamula. Manja awo anazungulira amuna awo nkudzagwira malaya anga m'nthiti. Pa kamlatho kena bambo wa njinga yakapalasa anakweza dzanja.

"Muli bwanji, madala!"

"Ali bwino, kaya inu," anayankha mayi aakulu.

Tayala lolimba choncho siligwira msewu, limangonjanja. Mwala uliwonse unkafika mpaka m'mano. Pomwe msewu umayamba kukwera kusiya chigwa pali miyala yakuthwa yomwe mvula ya zaka zambiri inafukula, ndipo tinafikapo dzuwa lili paliwombo. Ndinangomva kuti phuu, ngati mfuti. Kumbuyo kunavina, njinga inalowera kumanzere ine ndikuipempha kumanja, ndipo tinagwa pang'onopang'ono, tonse atatu pamodzi. Ndinapezeka ndagona chafufumimba m'fumbi, bambo aakulu ali pamsana panga, chipewa chawo chikugubuduka kutsetsereka kubwerera komwe tinachokera.

Mayi aakulu anasupuka chigongono, magazi akutsika mpaka m'zala. Sanayang'anepo. Anamasula chitenje chija nayamba kupukuta fumbi kumaso kwa amuna awo.

Bambo aang'ono atafika sanafunse ngati tavulala. Anayang'ana malemu, anayang'ana chipewa komwe chinakaima, kenako anayang'ana mayi aakulu.

"Akukana," anatero.

Kwathu maliro akavuta panjira, kaya galimoto yazima, kaya bokosi lalemera mwadzidzidzi, sitiyamba ndi kutsegula injini. Timati malemu akukana kupita, ali ndi mawu. Ndiye pamafunika munthu awalankhule, awapepese, ndipo amene amakankhidwira kutsogolo ndi yemwe anthu akumuganizira. Pamsewupo anthu anali atasonkhana kale: amayi ochokera kudimba makasu ali paphewa, abambo awiri okankha njinga za makala, ndi kabaza wotitsatira uja, amene pakamwa pake ndimapadziwa.

"Bambo, ndi tayala," ndinatero. "Taonani pomwe lang'ambika."

"Tayalali layenda miyezi yonseyi osaphulika. Lasankha lero? Alamu, lankhulani nawo amuna anu. Ife tikufuna tikafike."

Mayi aakulu anandiyang'ana kaye ine, sindikudziwa chifukwa chake. Kenako anagwada m'miyalamo nagwira dzanja la malemu.

"Bambo, ndine. Tiyeni kwathu, dzuwa likukupwetekani. Ngati pali chomwe ndinakulakwirani, ndikhululukireni. Tiyeni, anthu akudikira."

Ndi mawu omwe mkazi aliyense amanena pa mtembo wa mwamuna wake. Koma mmodzi mwa amayi a makasu aja anati "Mmm", ndipo "mmm" wotere amayenda mofulumira kuposa njinga iliyonse yomwe ndinakwerapo.

Bambo aang'ono analamula kuti malemu asamutsidwire pa njinga inayo, awagwirizire iwo eni. Njingayo inali ndi matayala abwinobwino, a mpweya wa masiku onse, ndipo panalibe amene anakumbukira kuti mtembo umalemera. Inakwera phiri lonse osatsokomola ndi kamodzi komwe. Pomwe inkafika kumudzi nkhani inali itapsa kale: ali m'manja mwa mkazi wawo anakana mpaka kudzigwetsa pansi, chipewa nkumathawira kuchigwa komwe anawachitira zinthu, atagwiridwa ndi m'bale wawo anapita ngati mwana.

Ife tinatsala pamsewu. Chubu chinali chitang'ambika kosamatika. Ndinachita zomwe a kabaza timachita kutchire: kuchotsa chubu, kukanikizira udzu wouma m'tayala mpaka kudzaza, nkumanga pong'ambikapo ndi malamba a mphira. Mayi aakulu ankazula udzu ndi dzanja lomwe silinavulale nkumandipatsira. Apa ndi pomwe ndinaona mkati mwa bala la tayala lija. Mzere unasemedwa mpaka kukhudza ulusi wa mkati, ndipo m'mphepete mwake munkaoneka mapazi a mpeni. Ndinawaonetsa mayi aakulu.

"Ooh," anatero. "Udzu wakwana?"

Tayala la udzu limayenda ngati munthu wotsimphina, ndipo likatentha limanunkha ngati kwayaka tchire. Pokwera pamphamvu mayi aakulu ankatsika nkumayenda pansi, atanyamula chipewa cha amuna awo. Tinafika dzuwa litapendeka, nyimbo za maliro zitayamba kalekale. Eni maliro, mayi aakulu, analowa m'siwa omaliza, ali mbuu ndi fumbi, ndipo amayi omwe anali m'menemo anasendera nawapatsa malo ambiri kuposa omwe munthu mmodzi amafuna.

Tinaika mawa lake. Abusa analalikira kuti tonse tili paulendo, ndipo ine ndinavomereza kuposa wina aliyense.

Tsiku lometa, akuluakulu a banja anakhala pansi kuti akambe za pakhomo. Kunabweranso mlongo wawo uja wa mayi aakulu ndi achibale ena a kuchigwa. Ndinadziwa komwe nkhani ikupita, choncho ndinavala jekete ya satifiketi, ndinakoleka tayala paphewa, ndipo ndinakaligoneka pakati pawo ngati mboni.

Ndinapereka phunziro lomwe ndimalinyadira mpaka lero. Ndinayamba ndi mizere yosema, ndinapita ku mpweya wopitirira muyeso, ndinadutsa pa dzuwa, ndinamaliza ndi miyala. Ndinapinda tayala kuti aone ulusi. Linayenda m'manja mwa aliyense ngati mwana wobadwa kumene. Azakhali, mlongo wawo wa malemu, mpaka analinunkhiza.

"Analigula ndani?" anafunsa azakhali.

"Bambo aakulu eni ake."

"Ndiye ukuti achimwene anadzigulira okha chowagwetsa? Munthu woti analowa pansi pa dziko nkutulukamo wamoyo, angalephere kudziwa tayala?"

"Nanga analipopetsa ndani?" Amene anafunsa ndi mlongo wawo wa mayi aakulu, motsitsa mawu, maso ali pansi.

Bambo aang'ono sanaphethire.

"Ndine. Ndipo ndikanapanda kutero likanaphulikira pa geti pa chipatala pomwepo. Mtembo umalemera, achimwene. Makamaka wa munthu amene wapita ndi mawu kukhosi."

Mitu inavomera. Ndinayambanso za mpweya wofufuma, ulendo uno ndi manja omwe, kuonetsa kufufumako.

"Aprofesa," anatero azakhali, "zimenezi munaphunzira chaka chomwe munakhoza, kapena chomwe munathawa chija?"

Anthu anaseka, kuseka kwa pamaliro, kotsekera pakamwa ndi nsalu. Ndinakhala pansi. Tayala linatsala pakatipo mpaka wina analikankhira pambali ndi phazi kuti atambasule miyendo.

Mawu oti ufiti sanatuluke pakamwa pa munthu. Ndife anthu opemphera. Anangoti mtima wa malemu sunagone, anthu a m'mudzi akuyankhula, ndipo kuti zinthu zizizire ndi bwino alamu akapume kaye kwawo. Mlongo wawo uja anayesa kunena kuti munthuyu wakalambira pano, anayankhidwa kuti nchifukwa chake akufunika kupuma.

"Alamu, muli ndi mawu?" anafunsa bambo aang'ono.

Mayi aakulu anali atakhala pamphasa chapatali, mutu wometa kumene, chigongono chomangidwa ndi kansanza.

"Ndilibe. Kungoti ana anga ali kumanda kuno."

"Manda sathawa, alamu. Muzidzabwera."

Anawalola kukhala mpaka nthawi yolira ithe. Masabata amenewo pakhomo pawo panamera udzu. Amene ankabwereka mchere kwa iwo anapeza kwina kobwereka. Kutchalitchi benchi yawo inakhala yawo okha. Ine ndinkapita kukadya kumeneko, ndipo azakhali ankandiyang'ana m'maso m'mawa uliwonse kuona ngati ndayamba kusintha.

Njinga inakhala ya bambo aang'ono, omwe anandiuza kuti ndipitirize ntchito ndipo ndikagule tayala lina. Ulendo uno ndinapita ndekha. Mlaliki wa kaunjika uja anandipepesa maliro mogwira mtima, kenako anati ali ndi lina labwino kwambiri longotsika kumene. Ndinamuthokoza ndi kulowa mu shopu. Ndinafananiza manambala a m'mbali ndi a tayala lakale kuti likwane bwino. Ndinalipinda kufuna ming'alu. Ndinayang'ana ngati lidakali ndi timaubweya ta mphira tomwe timasonyeza kuti silinapondepo msewu, wa ku Joni kapena wa kwina kulikonse. Ndinatenganso chubu chatsopano ndi kageji kakang'ono ngati cholembera. Anzanga a pa siteji amakabwereka masiku ano, amawerenga zomwe kakunena, kenako amadina ndi chala kuti aone ngati kakunena zoona.

Ulendo wautali woyamba wa tayala latsopanolo unali wotsitsa mayi aakulu. Mvula inali itagwa kale, chimanga chomwe anadzala kuseri kwa nyumba chitamera. Katundu wawo sanavute kumanga: mtolo wa zovala, mapoto, beseni, ndi khasu. Zina zonse zinapezeka kuti ndi za banja. Amene anabwera kudzatsanzika anaimirira patali, manja kumbuyo. Bambo aang'ono anafika pafupi, nadina tayala ndi chala, nati lili bwino.

Linali bwinodi. Linagwira matope, linagwira miyala, silinaterereke pena paliponse. Ndinkafuna litachitako kanthu, liphwe, litibweze, anthu anene kuti nawonso akukana. Linatifikitsa bwinobwino.

Kuchigwa kunali kotentha, minda ya mpunga ili biriwiri. Mchemwali wawo anatuluka akulira, nawalandira mtolo. Anawakonzera kachipinda komwe ankasungiramo matumba. Mayi aakulu anaima pakhomo pa kachipindako nthawi yaitali, akusisita miyendo yomwe inachita dzanzi. Ndinadikira kuti mwina anena mawu aakulu oti ndikawasunge. Pomwe ndinkaliza njinga anandikodola.

"Mwanawe, kuseri kwa nkhokwe kuli nkhuku ikufungatira. Wina aziitsekera madzulo. Kumabwera vumbwe."

Ndinati ndikanena.

Nditakwera kumudzi ndinapeza chitseko cha nyumba ija chili pululu. Mwana woyamba wa bambo aang'ono, amene ankakonzekera ukwati, anali m'kati akuyeza mawindo, akazi ena akusesa ndi kuzira. Poti ogwira ntchito amafuna ndiwo, nkhuku ija inali kale mumphika. Anandiitana kuti ndidye nawo. Ndinazungulira kuseri kwa nkhokwe, ndipo mazira ndinawapeza adakali ofunda.